Mayeso a maphunziro a pa intaneti: tingatsimikize bwanji kuti wolembayo ndi mwini wake?

Mayi Nkhoma alemba:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumaphunzitsa, kuphunzira kapena kugwira ntchito m'sukulu za ukachenjede. Ine ndimaphunzitsa pa yunivesite ina, ndipo andiika m'komiti yomwe yapatsidwa udindo wokonza ndondomeko ya maphunziro a patali, oti anthu aziphunzira kudzera pa intaneti popanda kudzakhala pa sukulu. Pa nkhani ya kaphunzitsidwe tinagwirizana msanga, chifukwa aliyense akuvomereza kuti manotsi, mabuku ndi maphunziro ojambulidwa zikhoza kuikidwa pa pulogalamu yophunzirira pa intaneti yotchedwa Moodle, ndipo ophunzira angathe kumafunsa mafunso awo pomwepo. Pomwe tasemphana maganizo ndi pa mayeso.

Ena akufuna kuti yunivesite igule pulogalamu yoyang'anira mayeso kudzera pa kamera ya kompyuta, kuti wophunzira azilemba ali kunyumba kwake makina akumuonerera. Ena akuti mayeso onse otsiriza azilembedwa pa pepala m'malo osankhidwa, pamaso pa oyang'anira, monga zakhala zikuchitikira kuyambira kale. Palinso ochepa amene akuti mayeso otsiriza angothetsedwa, malikisi azichokera ku ntchito zimene wophunzira amapereka m'kati mwa semesita, koma ganizo limeneli lafooka kwambiri chibwerereni mapulogalamu ngati ChatGPT, omwe amatha kulemba nkhani yonse m'kanthawi kochepa.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi wophunzira wokhulupirika, amene adzalimbikira zaka zingapo akugwira ntchito masana n'kumawerenga usiku, koma pamapeto pake olemba anthu ntchito n'kumakayikira digiri yake chifukwa choti anzake ena anabera mayeso mosavuta. Komanso sindikufuna kuti pofuna kutseka mipata ya akuba, tiike malamulo olemetsa omwe angathamangitse anthu omwewo amene maphunziro a patali anakhazikitsidwira. Paja safunsa adadya phula, ndiye ndikupempha amene mwaona momwe mayunivesite ena achitira kuti mutiunikire. Kodi ndi njira iti yomwe imatsimikiza kuti amene walemba mayeso ndi mwini dzina, ndiponso kuti zimene walembazo zachokeradi m'mutu mwake?

Bambo Mbewe alemba:

Mayi Nkhoma, funso lanu ndi lolemera, ndipo ndikufuna kuyamba ndi kukumbutsa komiti yanu kuti vuto limeneli ndi lakale kuposa intaneti. M'chaka cha 1858, University of London inatsegula madigiri ake kwa anthu amene sankaphunzira m'makoleji ake, ndipo pofika mu 1865 mayeso ake anali atalembedwa kale kunja kwa Britain, pa chilumba cha Mauritius. Yunivesiteyo sinkafunsa kuti munthu waphunzirira kuti kapena waphunzitsidwa ndi yani. Chimene inkagwiritsitsa ndi mayeso, omwe ankalembedwa pamaso pa oyang'anira odalirika n'kuchongedwa pa muyezo umodzi ndi wa ophunzira a ku London. Mbiri ya yunivesite ya UNISA (University of South Africa) ya ku South Africa ndi yofananako, pakuti inayamba mu 1873 ngati bungwe longopereka mayeso, pa dzina loti University of the Cape of Good Hope, ndipo kuphunzitsa kudzera m'makalata kunadzayamba mu 1946. Nelson Mandela anapeza digiri yake ya zamalamulo ku UNISA mu 1989 akadali m'ndende. Madigiri oterewa analandiridwa ndi anthu chifukwa aliyense ankadziwa kuti, kaya munthu waphunzira motani, tsiku la mayeso anakhala pansi yekha n'kuyankha.

Komabe ndikanakhala m'komiti yanu, ndikanathera nthawi yambiri pa chitsanzo cha Open University ya ku Britain, yomwe inakhazikitsidwa mu 1969 n'kulandira ophunzira ake oyamba, pafupifupi 25,000, mu 1971. Anthu ambiri amakumbukira maphunziro ake a pa wailesi ndi pa kanema wa BBC, koma mphamvu yake yeniyeni inagona pa aphunzitsi othandiza, amene aliyense ankapatsidwa kagulu kochepa ka ophunzira. Wophunzira ankatumiza ntchito zingapo m'kati mwa phunziro limodzi, ndipo mphunzitsi yemweyo ankazichonga n'kulembapo ndemanga zazitali zomwe zinali mbali ya kuphunzitsa kumene. Yunivesiteyo inkatenganso zina mwa ntchito zochongedwazo n'kuziunikanso, pofuna kuona ngati aphunzitsiwo akupereka malikisi mwachilungamo. Ophunzira za sayansi ankatumiziridwa zida zoyesera zinthu kunyumba, ndipo maphunziro ena ankafuna kuti munthu akakhale pa sukulu kwa sabata imodzi.

Chimene ndikufuna muone apa n'chakuti mphunzitsi amene wawerenga ntchito zinayi kapena zisanu za munthu mmodzi amafika podziwa kalembedwe kake, malo amene amapunthwa ndiponso momwe akukulira m'maganizo. Ntchito yachisanu ndi chimodzi ikabwera yosalala modabwitsa, yopanda zolakwa zomwe munthuyo wakhala akuchita, mphunzitsiyo amadabwa ndipo amafunsa. Chitetezo chimenechi chimatha pamene yunivesite yaganiza kuti intaneti ndi njira yolandirira ophunzira ochuluka popanda kuwonjezera aphunzitsi. Ndanena izi poyera chifukwa m'makomiti ambiri, mawu oti maphunziro a patali amamveka ngati njira yopezera ndalama mosavuta, chonsecho kuti ayende bwino amafuna anthu ambiri ogwira ntchito.

Umboni wake tinauona pa maphunziro aulere a pa intaneti otsegukira aliyense, omwe anatchuka kuyambira mu 2011. Chaka chimenecho Sebastian Thrun ndi Peter Norvig anaika pa intaneti phunziro lawo la ku yunivesite ya Stanford ku America, ndipo analembetsa anthu pafupifupi 160,000, koma amene anafika kumapeto anali pafupifupi 23,000. Chaka chotsatira kunabadwa Coursera ndi edX, masamba a pa intaneti opereka maphunziro oterewa, ndipo ambiri ankalosera kuti mayunivesite atha ntchito. Koma kafukufuku amene Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente anafalitsa m'magazini ya Science mu 2019, ataunika maphunziro a mayunivesite a MIT ndi Harvard pa edX, anapeza kuti m'chaka cha maphunziro cha 2017 mpaka 2018, anthu pafupifupi atatu okha mwa anthu 100 alionse olembetsa ndi amene ankamaliza. N'zoona kuti ambiri mwa anthuwa ankangolembetsa kuti aone, popeza kunalibe malipiro, koma phunziro lake likadalipo, lakuti munthu amene palibe akumudziwa dzina kapena kumufunsa chifukwa chomwe sanaperekere ntchito amasiya mosavuta.

Choncho langizo langa ndi lakuti musathetse mayeso olembedwa pamaso pa anthu, koma musawachulukitse. Sankhani maphunziro ofunika kwambiri pa digiri iliyonse, omwe munthu sayenera kudutsa asanawamvetse, ndipo amenewo alembedwe m'malo osankhidwa, wophunzira ataonetsa chiphaso chake. Ndalama zimene mukanagulira pulogalamu ya kamera mulipire nazo aphunzitsi othandiza.

Mayi Chisale alemba:

Ine ndimagwira ntchito ku gawo la makompyuta, ndipo ndikufuna kufotokoza momwe mapulogalamu oyang'anira mayesowa amagwirira ntchito, kuti komiti ya Mayi Nkhoma idziwe chomwe ikufuna kugula. Mayeso asanayambe, wophunzira amaonetsa nkhope yake ndi chiphaso pa kamera, ndipo nthawi zina amauzidwa kuti azungulitse kamerayo chipinda chonse. Akayamba kulemba, pulogalamuyo imajambula nkhope, mawu a m'chipindamo ndi zonse zooneka pa sikirini, kenako imaika chizindikiro paliponse pamene yaona chachilendo, monga maso kuyang'ana kumbali nthawi yaitali, nkhope kuchoka pa kamera, kapena mawu a munthu wina. Apa mpofunika kumvetsetsa kuti pulogalamuyo sigamula kuti munthu wabera. Imangosonkhanitsa zokayikitsa, ndipo pamafunikabe munthu woti aonere zojambulidwazo n'kupereka chigamulo. Ngati yunivesite ilibe anthu okwanira ochita zimenezi, pamachitika chimodzi mwa ziwiri, zojambulidwazo zimangosungidwa osaonedwa, kapena aphunzitsi otopa amayamba kukhulupirira zizindikirozo ngati umboni wokwanira.

Zizindikiro zimenezi sizigwera anthu mofanana. Wophunzira amene amakhala m'chipinda chimodzi ndi ana kapena abale ake amakayikiridwa kawirikawiri kuposa amene ali ndi chipinda chakechake chowerengera. Amene ali ndi ulumali wochititsa kuti asakhazikike, kapena amene amawerenga funso motulutsa mawu kuti alimvetse, nayenso amagwa m'msampha womwewo. Palinso nkhani ya khungu. Mu December 2019 bungwe la boma la America loona za miyezo, la NIST, linafalitsa zotsatira za kuyesa kwake mapulogalamu 189 ozindikira nkhope, ndipo linapeza kuti ambiri ankalakwitsa kwambiri pa nkhope za anthu a ku Africa ndi ku Asia kusiyana ndi za azungu. Yunivesite iliyonse yofuna kugula chida chotere iyenera kuchiyesa kaye pa nkhope za ophunzira ake enieni, m'kuwala kwa m'nyumba zawo zenizeni.

Pa zamalamulo, makhoti sanalankhule chimodzi. Mu June 2020, khoti la ku Amsterdam linalola University of Amsterdam kupitiriza kugwiritsa ntchito pulogalamu yoyang'anira mayeso yotchedwa Proctorio, poona kuti inali nthawi ya mliri wa Covid-19 ndipo panalibe njira ina yolembetsera mayeso. Koma mu August 2022, woweruza milandu wa ku America anagamula kuti Cleveland State University inaphwanya ufulu wa wophunzira wina pomuuza kuti aonetse chipinda chake chogona pa kamera mayeso asanayambe. Ndiye musanasaine mgwirizano uliwonse, funsani kuti zojambulidwazo zidzasungidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndani adzakhale ndi chilolezo choziona.

Chinanso chomwe ogulitsa satchula n'chakuti kamera imaona mbali imodzi yokha. Foni yachiwiri yoikidwa pansi pa sikirini, kapena munthu wokhala kuseri kwa kompyuta, sizioneka. Ndiye kuti wakuba wokonzekera bwino akhoza kudutsa, pamene wokhulupirika yemwe netiweki yamudukira pakati pa mayeso ndi amene akuitanidwa kukafotokoza.

Pali zinthu zina zomwe mungachite ndi zida zimene muli nazo kale. Moodle, yomwe Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa mu 2002, ndi yaulere ndipo imalola mphunzitsi kusunga nkhokwe ya mafunso ambiri, kuti wophunzira aliyense azilandira mafunso osiyana ndi a mnzake koma olemera mofanana. Pa masamu, pa zowerengera chuma ndi pa sayansi, mukhoza kukonza funso limodzi lomwe manambala ake amasintha kwa munthu aliyense, kotero kuti kutumizirana mayankho pa WhatsApp sikuthandiza. Palinso Safe Exam Browser, yomwe imakonzedwa ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland ndipo nayonso ndi yaulere, yomwe imatseka kompyuta kuti munthu asatsegule china chilichonse kufikira mayeso atatha. Imeneyi imagwira bwino ntchito ikaphatikizidwa ndi ganizo la Bambo Mbewe, ndiko kuti ophunzira akhale m'chipinda cha makompyuta cha pafupi ndi kwawo, woyang'anira ali pomwepo, mayesowo n'kumalembedwa pa kompyuta. Mukatero simuvutika ndi kusindikiza mapepala, kuwanyamula ndi kuwateteza kuti asabedwe pa njira, ndipo mafunso osankha yankho amachongedwa nthawi yomweyo.

Chomaliza, yesani mphamvu ya seva yanu (kompyuta yaikulu yosunga mayesowo) tsiku la mayeso lisanafike. Makina amene amayenda bwino anthu akamalowa nthawi zosiyanasiyana akhoza kugwa pamene ophunzira 1,000 atsegula mayeso mphindi imodzi.

A Kamanga alemba:

Ndikuthokoza akuluakulu amene mwalankhula kale, koma ndikupempha kuti mumve mbali ya ife amene taphunzirapo mwa njira imeneyi. Ine ndinamaliza digiri yanga kudzera m'maphunziro a patali ndikugwira ntchito, ndipo ngakhale ndikuvomereza kuti mayeso a pamaso pa anthu amateteza dzina la digiri, ndikuona kuti Bambo Mbewe apeputsa mtolo umene mayeso oterewa amasenzetsa wophunzira. Munthu amasankha maphunziro a patali chifukwa sangathe kusiya ntchito, ana kapena odwala. Mayeso akamwazikana masabata awiri, ndipo malo olembera ali kutali, ndiye kuti ayenera kupempha tchuthi, kulipira ulendo ndi malo ogona, ndiponso kupeza womusamalira ana. Anzanga ena amene ndinayamba nawo sanasiye chifukwa cholephera maphunziro, koma chifukwa cha masabata a mayesowo. Ngati komiti yanu, Mayi Nkhoma, isankhe njira imeneyi, malo olembera akhale ambiri, masiku a mayeso alengezedwe semesita ikamayamba, ndipo mayeso a munthu mmodzi aunjikidwe m'masiku ochepa otsatizana, makamaka kumapeto kwa sabata.

Ndikufunanso kukhudza za kaphunzitsidwe, ngakhale mwati munagwirizana msanga, chifukwa kubera kwambiri kumayambira pamenepo. Aphunzitsi ena amaganiza kuti kuphunzitsa pa intaneti ndi kutsegula Zoom kwa maola awiri n'kumalankhula monga amachitira m'kalasi. Ola limodzi lokha la kanema wotere limatha kudya theka la gigabayiti kapena kuposerapo, ndipo ambiri mwa ophunzira a patali amadalira foni ya m'manja, osati laputopu. Amene bandulo yamuthera kapena magetsi amuthimira amaphonya phunzirolo, ndipo zikachitika kangapo amafika pa mayeso asakudziwa kanthu. Munthu wotereyu ndi amene amayamba kufunafuna womulembera. Mawu ojambulidwa a mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, pamodzi ndi manotsi omwe munthu angawakopere mu foni n'kuwawerenga popanda netiweki, zimathandiza kwambiri kuposa kanema wautali. Pulogalamu ya Moodle ya pa foni imalola kale zimenezi. Mu 2020, makampani a mafoni a ku South Africa analola kuti masamba a pa intaneti a mayunivesite azitsegulidwa popanda kudya bandulo, ndipo yunivesite yanu ikhoza kukambirana zofananazo ndi makampani a kwanuko.

Chinanso n'chakuti ntchito zizibwezedwa msanga. Ndemanga ya mphunzitsi ikafika wophunzira atapereka kale ntchito yotsatira, imakhala kuti yataya phindu lake, ndipo wophunzirayo amayamba kuona ngati palibe amene amawerenga zimene amalemba.

Bambo Mwale alemba:

Mayi Nkhoma, ine ndilankhulapo pa nkhani ya mapulogalamu olemba okha aja, popeza ndi imene yasokoneza ganizo la gulu lachitatu m'komiti yanu. Kugula ntchito yolembedwa ndi munthu wina kunalipo kale, ndipo kunakula mpaka dziko la Australia linakhazikitsa lamulo mu 2020 loletsa malonda olembera ophunzira ntchito zawo, England n'kuchitanso chimodzimodzi mu 2022. Chimene chinasintha ChatGPT itatuluka pa 30 November 2022 n'chakuti ntchito imene kale inkafuna ndalama ndi masiku angapo tsopano ikupezeka kwaulere nthawi yomweyo.

Mayunivesite ambiri anathamangira ku zida zomwe amati zimazindikira zolembedwa ndi makina, koma ndikukuchenjezani kuti musamange ndondomeko yanu pa zida zimenezi. Kampani ya OpenAI, yomwe ndi mwini wa ChatGPT, inatulutsa chida chake chotere mu January 2023 n'kuchichotsa mu July chaka chomwecho chifukwa chinkalakwitsa kwambiri. Eni akewo ananena okha kuti chinkazindikira 26 peresenti yokha ya zolembedwa ndi makina, pamene 9 peresenti ya zolembedwa ndi anthu chinkazinamizira kuti ndi za makina. Turnitin, yomwe mayunivesite ambiri amaidalira pofufuza zokopera, inawonjezera chida chake mu April 2023, koma pofika mu August Vanderbilt University ya ku America inachizimitsa. Inafotokoza kuti mu 2022 inatumiza ku Turnitin ntchito pafupifupi 75,000, kotero kuti ngakhale chidacho chikanamalakwitsa kamodzi kokha pa 100, ntchito pafupifupi 750 zikanakayikiridwa popanda chifukwa.

Chimene chiyenera kutikhudza kwambiri ndi zomwe ofufuza a ku Stanford anapeza mu 2023. Iwo anayesa zida zisanu ndi ziwiri zoterezi pa nkhani zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo nkhani zoposa theka zinanamiziridwa kuti zalembedwa ndi makina. Chifukwa chake n'chakuti zidazi zimakayikira kalembedwe kogwiritsa ntchito mawu odziwika ndi ziganizo zosavuta kulosera, komwe ndi kalembedwe ka munthu wosamala amene akulemba m'chiyankhulo chophunzira kusukulu. Kumuimba munthu wotere mlandu wakuba pa umboni wa chida chokha ndi kupanda chilungamo, ndipo bala lake silipola msanga.

Njira yomwe ndikuiona kuti ndi yanzeru ndi imene University of Sydney inatenga, yogawa ntchito zonse zoyesera ophunzira m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la mayeso otetezedwa, ochitika pamaso pa munthu, omwe cholinga chake ndi kutsimikiza kuti wophunzira wadziwadi zimene digiri ikunena kuti amadziwa. Gulu lachiwiri ndi la ntchito zotseguka, momwe yunivesite imavomereza kuti singathe kuletsa munthu kugwiritsa ntchito zida zatsopanozi, ndipo m'malo mwake imamuphunzitsa kuzigwiritsa ntchito moyenera ndi kuulula pamene wazigwiritsa ntchito. Ubwino wake ndi wakuti yunivesite imasiya kudzinamiza kuti lamulo lolembedwa pamwamba pa funso lingaletse munthu amene ali yekha m'chipinda.

Pa gulu loyambalo ndikufuna kuwonjezera chinthu chomwe sichinatchulidwe, chomwe chikuyankhanso dandaulo la a Kamanga. Mayeso a pakamwa safuna kuti munthu ayende ulendo. Wophunzira akapereka ntchito yake yolemba, mphunzitsi amakumana naye pa kanema kwa mphindi khumi, amaona nkhope ndi chiphaso chake, kenako n'kumufunsa chifukwa chomwe anasankhira njira imene anatsata, tanthauzo la ndime ina ya m'ntchitoyo, ndi chomwe chingasinthe ngati mfundo imodzi ya m'funsolo itasinthidwa. Amene analemba yekha amayankha ngakhale mochita chibwibwi, pamene wolemberedwa amasowa poyambira pa funso lachiwiri. Njira imeneyi si yachilendo, pakuti mayunivesite a ku Italy akhala akuyesa ophunzira pakamwa kwa zaka zambiri, ndipo aliyense wofuna digiri ya udokotala wa maphunziro m'maiko ambiri amateteza kafukufuku wake pamaso pa akadaulo. Chofunika ndi kukhala ndi ndondomeko yolembedwa ya kaperekedwe ka malikisi, kujambula zokambiranazo kuti wodandaula akhale ndi podalira, ndiponso kukumbukira kuti pali anthu amantha kapena ovutika kulankhula amene ayenera kupatsidwa nthawi yokwanira.

Mayi Nkhoma alembanso:

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zambiri zoti ndipite nazo ku komiti. Ganizo la mayeso a pakamwa landigwira mtima, Bambo Mwale, koma ndikudziwiratu chimene anzanga akanene, chakuti limatheka pa kalasi ya anthu makumi awiri, pamene ife tikuyembekezera maphunziro ena a chaka choyamba okhala ndi ophunzira 300 kapena kuposerapo. Kodi pa chiwerengero chotere njira imeneyi ingatheke popanda kupha aphunzitsi ndi ntchito? Komanso kodi sitidzaimbidwa mlandu wokondera ngati tizingoitana ena n'kusiya ena?

Bambo Mbewe alembanso:

Ndiyankhe ndine, mayi, ngakhale funsoli lapita kwa Bambo Mwale, ndipo ndivomereze kaye kuti mfundo ya a Kamanga yokhudza mtolo wa maulendo ndi yoona, mwakuti ikuchititsa ganizo la mayeso a pakamwa kukhala loyenera kuliwerengera bwino. Ophunzira 300, aliyense mphindi khumi, ndi maola 50. Mukawonjezera nthawi yosinthana ndi ya amene netiweki yawavuta, tinene kuti maola 70. Ngati phunzirolo lili ndi aphunzitsi othandiza khumi, aliyense ndi kagulu ka anthu 30, ndiye kuti aliyense agwira maola asanu ndi awiri, omwe akhoza kugawidwa m'masiku atatu kapena anayi. Muyerekeze zimenezi ndi nthawi yomwe aphunzitsi omwewo amathera kuchonga mapepala 300 a mayeso a maola atatu, kapena kuonera zojambulidwa za kamera zomwe Mayi Chisale afotokoza. Koma kuwerengera kumeneku kukuyenda pokhapokha aphunzitsi othandizawo alipo. Ngati phunziro la anthu 300 lili ndi mphunzitsi mmodzi yekha, palibe njira ya mayeso imene ingayende bwino, ndipo komiti yanu iyenera kuwauza akuluakulu a yunivesite zimenezi mosabisa ndondomekoyo isanavomerezedwe.

Pa za kukondera, musamaitane okhawo amene mukuwakayikira, chifukwa kuitanidwako kumasanduka chitonzo. Mwina aitanidwe onse, kapena kompyuta isankhe mwamaere gawo lina la kalasi pa ntchito iliyonse, mokonza kuti pofika kumapeto kwa chaka aliyense akhale ataitanidwapo kamodzi kapena kawiri, ndipo lamulo limeneli lilembedwe m'buku la ophunzira kuyambira tsiku lolembetsa. Sikoyeneranso kuchita izi pa phunziro lililonse. Pa chaka choyamba, mayeso a pa kompyuta olembedwa m'malo osankhidwa akhoza kukwanira pa maphunziro a anthu ambiriwo, ndipo mayeso a pakamwa muwasungire zaka zomaliza, pamene makalasi achepa ndipo ntchito zake ndi za kafukufuku. Ndikulangizaninso kuti muyambe ndi maphunziro awiri kapena atatu kwa semesita imodzi, mulembe maola enieni amene aphunzitsi athera ndi madandaulo amene ophunzira apereka, kenako mubwerere ku komiti ndi ziwerengero zanuzanu musanafalitse njirayi ku madipatimenti onse.